NSANJA ZA LAMYA ZIDZAYAMBA KUPENYA: KODI ZIDZALONDERA MINDA YA KU MALAMBO?

Cimanga ndi mapira zikayamba kukhwima m'dziko la Akunda, tulo timasowa. Kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya, kwa Nsefu ndi kwa Malama, amuna amasiya mphasa zao m'nyumba nakagona pa cilindo ali ndi toci, citini cogogoda ndi moto wofukizira tsabola. Amene wasinza pang'ono cabe akhoza kupeza m'mawa kuti nchito ya miyezi inai yatha usiku umodzi, pakuti njobvu yaikulu imadya makilogalamu ofika 150 pa tsiku, ndipo kawiri-kawiri sibwera yokha.

M'mbali mwa mseu wocokera ku Chipata kupita ku Mfuwe muli alonda ena amene sagona konse, ndiwo nsanja zacitsulo za lamya. Zinatalika kuposa mitengo yonse ya m'cigwa, zimagwira nchito usana ndi usiku, koma nzakhungu. Gulu la njobvu likhoza kudutsa patsinde pa nsanja popita kumunda, iyo osadziwa kanthu. Tsopano akatswiri a za wailesi m'maiko ambiri agwirizana kuti nsanja za m'tsogolo zisadzakhale zakhungu: mafunde omwewo amene amanyamula mau athu adzigwiranso nchito yopenya zinthu zoyenda. M'Cingerezi nzeru imeneyi akuicha Integrated Sensing and Communication, ndiko kunena kuti kulankhula ndi kupenya m'combo cimodzi. M'boma la Mambwe sinafike, ndipo sifika mawa. Koma ndi bwino kuti awerengi athu aimve tsopano, nsanjazo zisanamangidwe, cifukwa diso loona njobvu limaonanso munthu.

MMENE WAILESI IMAPENYERA

Aliyense amene anafuulapo pafupi ndi phiri adziwa kuti mau amabwerera. Phiri likakhala pafupi, amabwerera msanga. Likakhala patali, amacedwa. Mleme umayenda mumdima ndi nzeru yomweyi. Umalira ndi mau ang'ono kwambiri amene khutu la munthu silimva, numvetsera mmene akubwererera kucokera ku mtengo, ku khoma kapena ku kacirombo kamene ukufuna kudya.

Mafunde a wailesi nawonso amagunda zinthu ndi kubwerera, koma liwiro lao ndi loopsa: makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Njobvu itaima pamtunda wa kilomita imodzi ndi theka kucokera pa nsanja, fundelo lingapite ndi kubwerera m'kagawo kamodzi ka magawo 100,000 a sekondi. Makina a masiku ano amatha kuyeza kanthawi kotere, ndipo akakayeza adziwa mtunda. Amadziwanso ngati cinthuco cikuyenda. Mwamvapo mmene kulira kwa galimoto kumasinthira pamene ikubwera ndi pamene yakupitirirani. Funde lobwerera kucokera ku cinthu coyenda limasintha motero, pamene locokera ku culu kapena ku thanthwe silisintha. Makina ocita zimenezi ndiwo amachedwa radar, ndipo ndi amene amaona ndeke mumlengalenga isanaonekere ndi maso.

Codabwitsa ncakuti radar ya ku England inabadwira m'nyumba ya wailesi youlutsa mau. Pa 26 February 1935, ku England, Robert Watson-Watt ndi mnzake Arnold Wilkins anaika makina omvetsera m'munda wina pafupi ndi Daventry, kumene kunali mlongoti waukulu wa BBC. Ndeke ya nkhondo inauzidwa kuti iuluke pakati pa mafunde a mlongotiwo. Anthu awiriwo anaona cizindikiro ca ndekeyo pa makina ao kufikira itapita mtunda wa makilomita 13. Mlongoti umene unamangidwira kuulutsa nkhani ndi nyimbo unapenya ndeke tsiku limenelo.

Pambuyo pace nchito ziwirizi zinapatukana. Radar inapita kwa asilikali, kwa oyendetsa zombo ndi ndeke, ndi kwa oyang'anira nyengo. Wailesi ndi lamya zinapita kwa anthu wamba. Kuno kwathu akulu-akulu akumbukira kawailesi kaja konga sefuliya kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949, pamene anthu anayamba kumva Cinyanja cocokera ku Lusaka ali m'midzi mwao; ena akumbukira mbale yaikulu ya ku Mwembeshi imene inatsegulidwa mu 1974 kuti Zambia adzilankhula ndi maiko akutali. Zonsezi zinali zonyamula mau ndi zithunzi, osati zopenya.

TINYANGA ZIKWI PA THABWA LIMODZI

Cimene cabwezanso nchito ziwirizi pamodzi ndi kusintha kwa nsanja zenizenizo. Kale mlongoti unali ngati nyali ya koloboi, yomwaza kuwala mbali zonse, ngakhale kumene kulibe munthu. Nsanja zatsopano zili ngati toci. M'kati mwa mabokosi aatali amene mumaona pamwamba pa nsanja muli tinyanga tacitsulo, timene ambiri amati eriyo, toikidwa m'mizere. Kanyanga kalikonse kamatulutsa funde lake. Tonse tikatulutsa nthawi imodzi, mafundewo amaphatikana nalunjika kutsogolo. Tina tikacedwa pang'ono mwadala, mphamvu yonse imakhotera kumanja kapena kumanzere, monga mmene bwato limakhotera pa Luangwa opalasa a mbali imodzi akacedwetsa nkhafi. Palibe citsulo cimene cimatembenuka. Kompyuta ndiyo imauza kanyanga kalikonse nthawi yake.

Mu 2010 katswiri wina wa ku America, Thomas Marzetta wa ku Bell Labs, anaonetsa mwa masamu kuti tinyanga tikaculuka kwambiri, nsanja imodzi ikhoza kulankhula ndi anthu ambiri nthawi imodzi pa funde limodzi, yense ndi kuwala kwake-kwake, popanda kusokonezana. Ambiri anayesa maloto. Koma patapita zaka zinai, pa yunivesite ya Lund ku Sweden anapanga makina a tinyanga 100 nayesa, ndipo zinatheka. Lero nsanja zambiri za mtundu wa 5G zili ndi njira 32 kapena 64 zotumizira ndi kulandirira pa bokosi limodzi. M'Zambia, kampani ya MTN ndiyo inayamba kutsegula 5G mu November 2022, ndipo Airtel inatsatira mu 2023, poyambira m'mizinda ikulu-ikulu.

Zimene akatswiri akukonza tsopano ndi zoposa pamenepo: tinyanga mazana ambiri, kapena zikwi. Lamulo lake ndi lakuti tinyanga titalikirane theka la utali wa funde. Funde likakhala lalifupi, la sentimita imodzi, mzere wa mita imodzi ulowa tinyanga 200, ndipo thabwa la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi likhoza kunyamula 40,000.

Nanga kuculuka kumeneku kuthandiza ciani pa kupenya? Tsekani khutu limodzi, mudzaona kuti nkobvuta kudziwa kumene mbuzi ikulirira. Makutu awiri amakuuzani mbali. Makutu zikwi, otambasuka pa thabwa lalikulu, amalekanitsa zinthu ziwiri zoyandikana zimene makutu ocepa akanaziyesa cinthu cimodzi. Ndipo pali cina cimene cakopa akatswiri kwambiri. Thabwa likakula, silingolunjika mbali yokha ai, limathanso kusonkhanitsa mphamvu yake pa malo amodzi, monga mmene ana a sukulu amasonkhanitsira dzuwa ndi galasi mpaka pepala lipse. Pamenepo nsanja ikhoza kusiyanitsa anthu awiri oima pa mzere umodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo. Mphamvu imeneyi ili ndi malire ake. Pa funde la sentimita imodzi, thabwa la mita imodzi limacita zimenezi kufikira mamita 200 okha. La mamita atatu, kufikira mamita 1,800. Kupitirira pamenepo libwerera ku ucitoci wamba.

Mu November 2023 bungwe la maiko onse loyang'anira za lamya ndi wailesi, la ITU, limene likulu lake lili ku Geneva, linabvomereza cikalata colongosola zimene lamya za m'badwo wotsatira, wa 6G, ziyenera kucita. Pa nchito zikulu-zikulu zisanu ndi imodzi zimene linachula, imodzi ndiyo kulankhula ndi kupenya pamodzi. Bungwe lina la makampani, la 3GPP, limene limalemba malamulo a kapangidwe ka makinawa, linandandalika zitsanzo za nchito zimene nsanja yopenya ingagwire. Pakati pa zitsanzozo pali kuzindikira nyama kapena munthu wolowa mumseu waukulu kapena pa njanje, kuyeza mvula, ndi kuona madzi osefukira. Olembawo anali kuganiza za miseu ya ku Ulaya ndi ku Asia. Koma mlimi wa kwa Jumbe atamva mndandandawo anganene kuti akamba za kwao.

BVUTO LA M'CIGWA

Dera lalikulu la boma la Mambwe lili m'malo osungirako nyama a Lupande, oyandikana ndi paki ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa mu 1972 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050. Pakati pa paki ndi midzi palibe mpanda, pali mtsinje cabe, ndipo njobvu imaoloka Luangwa monga munthu aoloka khwawa. Anthu a m'bomali aposa 100,000 tsopano, minda yafutukuka, ndipo ina yalowa m'njira zimene njobvu zakhala zikuyendamo kuyambira kale. Nyama zomwezo ndizo zimabweretsa alendo pa bwalo la ndeke la Mfuwe ndi kupatsa nchito ana athu ambiri. Koma mai amene nkhokwe yake yaphwasulidwa salandira cipukuta-misozi, ndipo banja limene bambo wake anakumana ndi njobvu pokwera njinga m'bandakuca silitonthozedwa ndi ciwerengero ca alendo.

Zocita zilipo kale. Dipatimenti ya za nyama zakuchire, pamodzi ndi mabungwe monga Conservation South Luangwa, yaphunzitsa acinyamata kuombera njobvu ndi timipira ta tsabola, ndipo nkhokwe zolimba za felumbu zapulumutsa cimanga ca mabanja ambiri. A Zambian Carnivore Programme amabveka mikango ndi mimbulu makolala a wailesi kuti adziwe kumene ili. Koma kolala imafuna kuti nyama igonekedwe ndi mankhwala, ndipo palibe amene angabveke njobvu zonse za m'cigwa. Ubwino wa nsanja yopenya ndi wakuti nyama siyenera kubvala kanthu. Thupi lake lomwelo ndilo limabweza funde.

Kuti radar ikhoza kugwira nchito m'chire, zinaoneka kale ku South Africa. Kumapeto kwa 2016, m'paki ya Kruger anaika makina ochedwa Meerkat pamalo okwera, okhala ndi radar ndi makamera oona usiku, kuti adziona anthu olowa kudzapha zipembere. Makinawo anatha kulondola anthu oyenda pansi mumdima, ndipo kuphedwa kwa zipembere kunacepa m'dera limene anali kuyang'anira. Koma Meerkat ndi makina apadera, a mtengo wapatali, ofuna anthu ao-ao owayang'anira, ndipo sanyamula lamya ya munthu aliyense. Ciyembekezo ca nzeru yatsopanoyi ncakuti nsanja imene yamangidwa kale cifukwa ca malonda a lamya, yokhala kale ndi magetsi ndi mlonda, igwirenso nchito yaciwiriyo popanda kumanga ina.

Ndipo kupenya kokha sikupulumutsa munthu. Uthenga uyenera kumfika. Ku Valparai, m'dziko la India, kumene anthu othyola tiyi amakhala pakati pa njobvu, katswiri wina dzina lake Ananda Kumar ndi anzake anakonza njira yotumiza mauthenga pa lamya za m'manja kwa anthu okhala pafupi ndi pamene njobvu zaoneka, ndi kuyatsa nyali zofiira pamalo okwera usiku. Imfa zinacepa, ndipo mu 2015 iye analandira mphotho ya Whitley ku London. Kumeneko openya anali anthu. Apa mpamene kuphatikiza nchito ziwiri kuli ndi phindu lenileni: nsanja imene yaona gulu la nyama likuoloka kulunjika ku minda ndiyo yomweyo imene idziwa lamya zimene zili m'midzi yapafupi, ndipo ikhoza kuziliza zonse nthawi yomweyo.

MAPANGA AWIRI

Tisafulumire kuomba m'manja. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa, ndipo akatswiri eni ace abvomereza kuti mwambiwu uwakhudza. Mphamvu ndi nthawi zimene nsanja iononga posesa chire ndi kuwala kwake zacotsedwa kwa munthu amene afuna kutumiza ndalama kapena kuitana galimoto ya cipatala. Funde lokoma kunyamula mau silikhala lokoma kupenyera nthawi zonse. Nchito yaikulu ya ofufuza lero ndi kupeza pogawira.

Bvuto lalikulu kwa ife ndi mitengo. Mafunde aafupi aja, olola tinyanga zikwi pa thabwa laling'ono, safika patali, ndipo amachingidwa ndi masamba, makoma ndi mvula yamphamvu. Nthawi imene njobvu zimabvuta m'minda ndiyo nthawi yomwe mitengo ya tsanya yabvala masamba ndipo udzu watalika kuposa munthu. Ncifukwa cake nsanja za kumidzi zimadalira mafunde aatali, monga a masentimita 33, amene amapyola m'nkhalango. Koma pa funde lotere, mzere wa tinyanga 200 ungatalike mamita 33, ndipo palibe nsanja imene inganyamule cinthu cotere pakaomba mphepo ya mkuntho. Maiko akukambirana za mafunde apakati, a masentimita anai kapena awiri, ndipo nkhaniyi idzaweruzidwa pa msonkhano wa ITU wa 2027.

Palinso nkhani ya kuzindikira. Funde lobwerera silinena kuti ine ndine njobvu. Limangoonetsa kuti cinthu ca ukulu wakuti cikuyenda pa liwiro lakuti. Kompyuta iyenera kuphunzitsidwa kusiyanitsa njobvu ndi mvuu yopita kukadya msipu, njati ndi ngolo, nyani ndi mwana. Makompyuta ophunzitsidwa pa magalimoto a ku Shanghai sadziwa kayendedwe ka mvuu. Ndipo lamya ikalira usiku katatu popanda njobvu, usiku wacinai palibe amene adzadzuka.

Za magetsi sitifunika kukamba zambiri. Cilala ca 2024, cimene Boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu February caka cimeneco, cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri, ndipo lamya zinabvuta m'madera ambiri. Thabwa la tinyanga zikwi limadya magetsi ambiri kuposa la tinyanga tocepa.

Cimene cili pafupi kwambiri kutheka, m'kuona kwathu, si njobvu koma mvula. Yang'anani pa nsanja, mudzaona zinthu zoyera zozungulira zonga ng'oma. Zimenezo zimatumiza mau kucokera pa nsanja ina kupita pa inzake. Mvula ikagwa pakati pa nsanja ziwirizo, funde limafooka, ndipo kufooka kwake kumalingana ndi kukula kwa mvulayo. Mu 2006 Hagit Messer ndi anzake a pa yunivesite ya Tel Aviv anaonetsa kuti poyang'ana kufookaku munthu akhoza kuyeza mvula. Mu 2012 njirayi inayesedwa ku Burkina Faso pa nsanja ziwiri zotalikirana makilomita 29, ndipo zotsatira zake zinagwirizana bwino ndi zoyezera mvula za pansi. Apa sipafunika 6G kapena nsanja yatsopano. Pafunika cabe kuti kampani ya lamya ilole a zanyengo kuona manambala amene makina ake amalemba kale. Madzi amene amadzaza Lupande ndi Msandile nadula njira ya kwa Msoro amagwa kumtunda, ku mapiri, kumene anthu a m'cigwa saona. Maola ocepa a cenjezo akwanira kukweza mbeu ndi ana pamalo ouma.

DISO LA YANI?

Walira mvula walira matope. Lero munthu wosafuna kuti adziwike kumene ali amazima lamya yake kapena kuisiya kunyumba. Nsanja yopenya sifunsa ngati muli ndi lamya. Idzaona mai wopita kukatola nkhuni, msodzi wotsikira kudambo usiku, ndi mnyamata wocokera kumene sanafune kuti anthu adziwe. Sidzadziwa dzina lake mwa funde lokha, koma munthu amene amatuluka pa khomo limodzi-modzi m'mawa uliwonse sabvuta kumdziwa.

M'cigwa muno nkhani yotere si yopepuka. Anthu a kuno akhala zaka zambiri pakati pa malamulo a nyama, ndipo ambiri amadandaula kuti nyama ikaphedwa athandizi amafika msanga kuposa pamene munthu waphedwa. Ngati nsanja yopenya idzayamba ndi kugwira ochera misampha, koma osaliza lamya ya mlimi njobvu zikamabwera, anthu adzaiyesa mdani, ndipo sadzalakwa kwenikweni. Kupha nyama mopanda lamulo kunatha zipembere zakuda zonse za m'cigwa cino, kotero kuti pofika 1998 zinalengezedwa kuti zatha m'Zambia monse, ndipo palibe wanzeru amene afuna masiku amenewo abwerere. Koma makina amodzi akhoza kutumikira mbali zonse ziwiri pokha-pokha ngati zalembedwa poyambirira kuti adzatero.

Zambia ali ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu, la Data Protection Act la 2021, ndipo bungwe la ZICTA ndilo limapereka cilolezo ca mafunde kwa makampani. Lamulolo linalembedwa poganizira maina, manambala ndi zithunzi zimene munthu amapereka kapena kutengedwa. Aphungu athu, kuphatikizapo wa ku Malambo, adzafunika kuliyang'ananso kuti aone ngati likwanira pa makina olemba mayendedwe a munthu amene sanalembetse kanthu kwa wina aliyense.

Makampani akuyembekeza kuti 6G idzayamba kugulitsidwa ca m'ma 2030, ndipo monga zinacitikira ndi 5G, idzayambira m'mizinda. Ku Mambwe idzacedwa, ndipo midzi ina ya kwa Malama ndi kwa Msoro ikali kufuna nsanja wamba yoti munthu aimbe lamya osakwera pa culu. Koma nsanja iliyonse yomangidwa pa nthaka ya makolo imayamba ndi pempho la malo kwa mfumu. Mafumu asanu ndi mmodzi a Akunda, Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro, pamodzi ndi makomiti a anthu oyang'anira zacilengedwe m'dera lililonse, ali ndi mpata wofunsa pempholo lisanasainidwe: kodi nsanjayi idzapenya? Zimene yaona zidzapita kwa yani, ndipo zidzasungidwa masiku angati? Nanga uthenga wocenjeza mlimi udzakhala waulere, ndipo udzalembedwa m'cinenero cimene iye amamva?